Mabotolo akuphulika, gravity yatsika mpaka 1.002

Wa ku Makeni:
Anzanga ofulula, ndithandizeni msanga. Mowa wa pale ale wa malita 200, gravity (muyeso wa shuga amene ali mu mowa) yoyambira 1.050, yisiti US-05 yokolola kachinayi kuchokera mu mowa wam'mbuyo. Gravity inaima pa 1.011 masiku atatu otsatizana, ndinathira dry hop (hops zouma zothira mowa utawira kale), cold crash (kuuziziritsa kwambiri kuti yisiti ikhale pansi), kenako m'mabotolo ndi shuga wa priming (wopangira gasi m'botolo) monga mwa masiku onse. Papita milungu isanu. Usiku wathawu atatu aphulika m'sitolo, magalasi mpaka pakhomo. Ndatsegula limodzi, thovu lathamanga mpaka theka la mowa lathera pansi. Wotsalawo ndauchotsa gasi n'kuyeza: 1.002. Mowa wauma pakamwa, ndipo pali kafungo ka tsabola kamene kunalibe. Makireti 12 ali kale kumabala awiri. Cold room imakhala yozima maola ambiri ndi load shedding. Ndiyambire pati?

Wa ku Chilenje:
Ndi kutentha uko aise. Okutobala wa Lusaka sagwirizana ndi US-05. Ine ndinasamukira ku kveik, yisiti yopirira kutentha. Ya mtundu wa Voss imawira bwinobwino pa madigiri 35 mpaka 40, masiku atatu kapena anayi yatha, osadalira firiji. Alimi a ku Norway akhala nayo mibadwomibadwo. Gulani imeneyo mupume.

Mayi wa ku Kabwata:
Musanafunse chayambitsa, imbirani mabala awiriwo tsopano lino. Asagulitse, asasunthe kireti ndi manja osavala. Poyinti imodzi ya gravity (0.001) ikawira m'botolo imapereka pafupifupi theka la volume ya CO2 (volume imodzi ndi gasi wochuluka ngati mowawo). Mwataya mapoyinti 9, kuonjezera pa priming yanu. Botolo wamba silingapirire zimenezo. Ine linandiphulikira m'manja zaka zapitazo ndikupukuta chizindikiro, anandisoka kanayi pachikhatho, chala chachikulu mpaka lero sichimva bwino kukazizira. Pokatenga valani magalasi ndi magulovu okhuthala, kireti iliyonse muifunditse bulangeti lonyowa, muziziritse kaye musanatsegule.

Wa labu:
Amayi anena zoona. Koma amdala a ku Chilenje, kutentha kumangofulumizitsa, sikupatsa yisiti mano atsopano. US-05 siingadye ma dextrin, shuga wautali wotsala mu mowa, n'chifukwa chake imaima cha pa 1.010. Kuti mowa ufike 1.002, pali china chikudula shuga wautaliyo. A ku Makeni, mwafululapo saison, mowa wouma wa ku Belgium uja, posachedwa?

Wa ku Makeni:
Ee, mu Ogasiti. Thanki yomweyo, paipi yomweyo, chodzazira mabotolo chomwecho. Ndinatsuka ndi caustic monga mwa nthawi zonse.

Wa labu:
Ndiye ndikukayikira diastaticus. Ndi Saccharomyces cerevisiae yomweyo, koma ili ndi jini yotchedwa STA1 imene imaichititsa kutulutsa glucoamylase kunja kwa selo. Enzyme imeneyo imaduladula ma dextrin kukhala shuga wosavuta, ndipo yisiti iliyonse ili m'botolo imadya nawo. Yisiti zambiri za saison ndi za mtundu umenewu, n'chifukwa chake saison imauma chonchija. Kafungo ka tsabola kakuloza komweko. Choopsa chake n'chakuti maselo ochepa chabe amakwana, ndipo amagwira ntchito mwakachetechete, milungu, mowa utachoka kale pakhomo panu. Amakonda kumata m'ming'alu ya gasket, m'kati mwa paipi yapulasitiki yokalika, ndi kuseri kwa ball valve kumene caustic ya CIP (kutsuka osamasula zida) siifika. Ndipo poti mumakolola yisiti, ngati inalowa m'mbewu yoyamba, mwakhala mukuichulukitsa nokha.

Wa ku Chilenje:
Zonsezo n'zoona mwina, koma cold room ikanakhala pa madigiri 4 palibe botolo likanaphulika. Vuto lathu ndi magetsi. Kveik.

Wa ku Roma:
Musaiwale hop creep, kuwiranso kwa mowa chifukwa cha dry hop. Mu 2018 a ku Oregon State University anaonetsa kuti hops zouma zili ndi ma enzyme awoawo amene amadula ma dextrin. Ine IPA yanga (mowa wa hops zambiri) inandichita zomwezo: dry hop, masiku awiri, crash, kegi. Patatha sabata mowa wonse ukununkha batala, diacetyl yeniyeni, kasitomala anabweza makegi atatu. Kuyambira pamenepo ndikathira hops ndimadikira masiku asanu thanki ili yofunda, n'kuyezanso kawiri.

Wa labu:
N'zotheka, ndipo ziwirizi zimatha kuchitikira limodzi. Koma hop creep kawirikawiri imatsitsa mapoyinti ochepa ndipo siibweretsa tsabola. Chotsimikizira ndi PCR, kuyeza kwa mu labu kofufuza STA1. Ngati mulibe koipeza, tengani mowa womaliza kuwira wopanda dry hop, mugawe m'mabotolo awiri oyera okhala ndi airlock (chotulutsira gasi osalowetsa mpweya), limodzi muthiremo yisiti yanu yokolola, lina US-05 yatsopano ya m'paketi. Muike pofunda milungu iwiri. Lokhala ndi yokolola likatsika lokha, mwapeza. Pakadali pano musakhulupirire chilichonse cha rabala kapena pulasitiki chimene chinakhudza saison. Tayani. Ma valve mumasule chidutswa chilichonse, caustic yotentha, kenako peracetic yophera tizilombo. Yisiti yokolola yonse itayidwe, ngakhale ikupweteketsa mtima.

Wa ku Chilenje:
Mutaya zonsezo, mugula zatsopano, magetsi azimanso mawa. Ine chaka chonse ndi kveik sindinabwezeredwe kireti.

Mayi wa ku Kabwata:
Amdala, kveik ikadutsa m'paipi ya diastaticus nayonso iphulitsa botolo. Mwina msanga kuposa apa, poti inu mumasunga pofunda. Musawasokeretse anzathu.

Mkulu wa ku Matero:
Ana inu, zimene mukukambazi agogo anga ku Katete ankazidziwa m'manja. Mbiya ya mowa inali yakeyake, ya thobwa yakeyake, ndipo mwana akasakaniza zipande ankakalipiridwa tsiku lonse. Onaninso munkoyo: phala lolimba, mukaponyamo mizu yosinja ija limasungunuka n'kutsekemera. Ndi ma enzyme a m'mizu akudula sitalichi, ntchito yofanana ndi ya STA1 yanuyo. Emil Hansen wa ku kampani ya mowa ya Carlsberg ku Denmark anapatula yisiti imodzi payokha mu 1883 pothawa mavuto ngati omwewa. Ine saison ili ndi paipi yake yofiira, yopachika pamsomali wake, ndipo mnyamata wanga amadziwa kuti siikhudza thanki ina.

Wa ku Roma:
Pa za munkoyo, alipo anayesapo kuthira mizuyo mu mash (phala la chimera) ya mapira? Chimera changa cha mapira chikukanika kumaliza conversion (kusandutsa sitalichi kukhala shuga), iodine yoyezera sitalichi ikudabe pakatha ola ndi theka.

Wa ku Chilenje:
Mapira ndi kveik zimagwirizana kwambiri. Yesani muone.

Mayi wa ku Kabwata:
A ku Makeni, makireti aja mwakatenga?