Mabisiketi a chiponde akuphwatalala pa thireyi, ndithandizeni

Amake Dalitso, Kapata: Anzanga ophika, ndili ndi oda ya mabisiketi a chiponde ya Loweruka lino. Ndikagwiritsa ntchito chiponde cha m'botolo cha kusitolo amatuluka bwinobwino. Pano ndagayitsa nshawa zanga kuti ndipulumutseko kandalama, muyeso womwewo: kapu imodzi ya chiponde, theka la kapu ya majarini, kapu ya shuga, dzira limodzi, fulawa kapu ndi theka, ndi soda pang'ono. Akuphwatalala, mafuta noninoni, ukati unyamule akuphwanyikira m'manja. Vuto lili pati?

aTembo, Katete: Onjezani fulawa amayi, theka la kapu, mtanda ulimbe.

aNaPhiri, Mchini: Ayi aTembo, pamenepo ndikukana. Fulawa akachuluka mabisiketi amaima ndithu, koma fungo la nshawa limathawa, kasitomala n'kumafunsa kuti chiponde chili kuti. Vuto ndi mafuta. Pafupifupi theka la njere ya nshawa ndi mafuta okhaokha. Ziponde zambiri za kusitolo amathiramo mafuta olimba kuti zisalekane, kuwonjezera shuga ndi mchere. Chanu cha kuchigayo chilibe zimenezo, ndiye chikakhala mafuta amakwera pamwamba, cholimba n'kutsalira pansi. Mukatapa pamwamba mwathira mafuta, mukafika pansi mabisiketi adzauma gwa. Takasani chidebe chonse mpaka pansi penipeni musanayeze. Majarini chepetsani afike kota ya kapu, ndipo thirani kamchere, poti chanucho mulibe.

Ndifunsenso, nshawa zake ndi ziti?

Amake Dalitso: Zofiira zija, MGV4. Ndinagula ku Saturday Market.

aNaPhiri: Ndi zimenezo. MGV4 ya ku Msekera, malo ofufuzira za ulimi, yomwe anzathu a ku Malawi kutsidya kwa Mwami amati CG7, ili ndi mafuta ambiri. Kwa chiponde chopaka pa buledi ndi yabwino zedi, koma mu mtanda muyenera kuwerengera mafuta akewo. Ine Chalimbana ndimasungira kuduladula n'kuwaza pamwamba, njere zake ndi zazikulu ndipo zimakoma zikakazingidwa. Musazikazinge mpaka kupsa kwambiri, zikapsanso mu uvuni ziwawa.

aTembo: Chabwino, za fulawa ndavomera. Koma kutentha kwa mwezi uno musakuiwale. Majarini amasungunuka mtanda usanalowe n'komwe mu uvuni. Ikani mtanda mu firiji mphindi 30 kapena ola, uvuni pa madigiri 180, mphindi 10 mpaka 12. Dinani ndi foloko kamipira kalikonse, chifukwa mtanda wa chiponde ndi wolemera, mkati simupsa msanga. Ndipo musamaike mtanda watsopano pa thireyi yotentha.

Amake Dalitso: Firiji ilipo, koma magetsi kuno mukudziwa. Ndikuphika pa mbaula.

Amake Mwayi, Lundazi: Ine mbaula ndiyo uvuni wanga. Kandani mtanda mbandakucha kusanatenthe, mbale yake muikhazike m'beseni la madzi ozizira. Mchenga pansi pa mphika, makala ochepa pansi, ochuluka pa chivundikiro, poti shuga ndi chiponde zimapserera msanga kunsi. Mukaphula musawakhudze. Amaoneka ngati sanapse, koma amalimba akamazizira, mphindi 10 zikwana. Kuphwanyika mukunenako mwina n'kuwanyamula akadali otentha.

Chinanso, poti mwayamba kugayitsa nokha: sankhani nshawa musanakazinge. Zachuku, zofota, zakuda, zoboola, tayani. Ena ogulitsa amawaza madzi pa makoko kuti aswe mosavuta, ndipo chinyezi chimenecho n'chimene chimabala chuku cha poizoni wa aflatoxin, woononga chiwindi. Moto wa uvuni sumuchotsa. Zoipazo musapatse ana, nkhuku kapena kusinja nsinjiro zothira ndiwo.

aNaPhiri: Zoona. Ndiponso pa paketi lembani kuti muli nshawa, pali anthu amene zimawatupitsa mpaka kubanika.

Amake Dalitso: Zikomo nonse. Ndayesa m'mawa uno: ndatakasa, majarini kota, mtanda m'beseni. Aima bwino, m'mbali okhuthala, sakuphwanyika. Pansi pokha ndiye papsererako pang'ono.

Amake Mwayi: Chotsani makala ena pansi, ndipo mchenga ukhale wokwana zala ziwiri. Thireyi muitembenuze pakatha mphindi 5.