Thandizo pa modelo ya pakompyuta ya chiuno mu pulogalamu ya FEBio

Anzanga amene munachitako za engineering kapena physio ndithandizeniko. Ndili kuno ku Chipata ndikupanga project ya kusukulu pa vuto la m'chiuno lotchedwa FAI (femoroacetabular impingement), pamene mutu wa fupa la ntchafu umagundana ndi m'mphepete mwa kabowo ka m'chiuno munthu akanjuta kapena kupinda mwendo kwambiri. Ine ndasankha mtundu wa cam, uja fupa limakhala ndi kachotupa pakhosi pake ndiye limakanda cartilage (chichereŵechereŵe chokuta mafupa) ndi labrum (mkombero wofewa wa kabowoko) pang'onopang'ono, ndipo ambiri amene amavutika nalo ndi achinyamata osewera mpira, nchifukwa chake nkhaniyi yandigwira mtima.

Mafupa ndawapatula kale mu pulogalamu ya 3D Slicer kuchokera pa zithunzi za CT scan, aoneka bwino ndithu, koma ndikalowetsa mu FEBio, pulogalamu yoyesera mmene ziwalo zimapirira mphamvu, nkuika kulemera kwa munthu akuyenda, komwe pachiuno kumafika kawiri ndi theka ya thupi lake, modelo imangoima pa contact (pamene mafupa awiriwo akhudzana) osamaliza, mwina mesh yanga (tizidutswa timene tapanga modeloyo) ndi yokhakhala sindidziwa. Cartilage pa CT sioneka bwino ndiye ndinangoiyerekeza makulidwe ake, kodi zimenezi nzololedwa kapena mpaka ndipeze MRI? Komanso fupa ndingaliike ngati chinthu chosapindika kuti laputopu ipepukidwe? Ili ndi RAM ya 8GB chabe ndipo malaiti akapita zonse zimayambiranso.

Amene munayesako chonde ndiuzeni munayambira pati, olo pa WhatsApp tingakambe.