Za masoketi aja ndinafunsa

Abale, mwezi watha ndinafunsa ngati ndingadziikire ndekha masoketi awiri m'chipinda chomwe ndimachita lendi ku Rosettenville. Maganizo amenewo ndinawasiya. Kuno ku Joni, malamulo a zamagetsi a 2009 amati mawaya atsopano ayesedwe ndi munthu wolembetsedwa ku boma, iyeyo n'kupereka CoC, chikalata chotsimikiza kuti mawayawo ali bwino, motsatira SANS 10142-1, muyezo wa kaikidwe ka mawaya a magetsi ku South Africa.

Wamagetsi atabwera anangoseka. Ndinali nditagula waya wa 1.5 mm², wa mababu, pomwe masoketi amafuna wokulirapo, wa 2.5. Manyazi ake!

Chomwe chinandiopsa ndi earth leakage, switchi ija imayenera kudula magetsi akayamba kuthawira pansi kufika 30 mA (ma milliamp, muyezo wa magetsi oyenda). Atayiyesa, yathu sinadule magetsi n'komwe, ndipo takhala tikugona nayo choncho, ana akusewera pafupi ndi ketulo. Eni nyumba ayisintha dzulo, atadandaula kaye za mtengo.