Wodwala wa laparoscopy mutu uli kunsi: chikumuchedwetsa kudzuka n'chiyani?

Wogonetsa odwala: Akuluakulu, tithandizane. Pa opaleshoni ya chiberekero ya laparoscopy (yolowetsa kamera m'mimba kudzera pa tiziboo ting'onoting'ono), bedi lapendekera kumutu madigiri 25 kwa maola atatu, mimba yapopedwa mpweya wa CO2 pa 15 mmHg, ETCO2 (CO2 ya mu mpweya umene wodwala akutulutsa) yafika 50. Pomaliza zikope zatupa, mayi akudzuka mochedwa, osokonezeka. BP inali bwinobwino nthawi yonse. Vuto lagona pati?

Dokotala wa ku ICU: Achimwene, BP yabwinoyo isakugonetseni tulo. Zinthu ziwiri zakumana m'chigaza chimodzi. CO2 imalowa mu ubongo mosavuta, imatsitsa pH ya madzi a mu ubongo (asidi amachuluka), timitsempha n'kutakasuka. PaCO2 (CO2 ya m'magazi) ikakwera ndi 1 mmHg, magazi opita ku ubongo amawonjezeka ndi 2 mpaka 4 peresenti. Ndiye mutu ukakhala kunsi, magazi amavutika kubwerera kudzera m'mitsempha ya pakhosi, mimba yopopedwayo ikukankhanso. Olowa achuluka, otuluka achepa, chigaza sichifutukuka, ICP (kupanikizika kwa m'chigaza) ikwera.

Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti ubongo umadziteteza pothinitsa mitsempha BP ikakwera. Mitsempha yotakasuka kale ndi CO2 siithinanso bwino, choncho BP ikasintha magazi a mu ubongo amangotsatira.

Sisita wa ku theatre: Adokotala, musanapite kutali, tiyambe ndi makina. Onani mzere wa capnograph, makina oyeza CO2 popuma: wodwala akamakoka mpweya uzibwerera pa 0. Ukapanda kubwerera, soda lime (woyamwa CO2 m'makina ogonetsera) watha kapena valavu yakanirira. Chingwe chomangira chubu chopumira chisathine pakhosi, zala ziwiri zizilowa, mutu usakhotere kumbali. Mvetseraninso chifuwa mukangopendeketsa bedi, poti chubu chimatha kulowa m'phapo lakumanja.

Dokotala wa ku ICU: Mwanena zoona asisita. Komanso 50 ameneyo ndi wa pa makina. M'magazi PaCO2 imakhala pamwamba ndi 2 mpaka 5 mmHg kwa munthu wabwinobwino, ndipo mapapo akapanikizika kusiyanako kumakula. Ngati blood gas (kuyeza mpweya wa m'magazi) ilipo, tengani ola loyamba likatha.

Wogonetsa odwala: Ndiye ndikweze tidal volume, kuchuluka kwa mpweya wolowa pa kupuma kumodzi?

Mphunzitsi wa zogonetsa odwala: Ayi bambo, kwezani kaye kapumidwe, kuchoka pa 12 kupita 16 kapena 18 pa mphindi. Tidal volume ikhale 6 mpaka 8 ml pa kilogalamu, potengera kulemera koyenera msinkhu wa wodwala. Mukaikweza kwambiri mupanikiza chifuwa, magazi a kumutu n'kutsekerekanso. Cholinga ndi PaCO2 ya 35 mpaka 40. Musatsitse dala kufika 28, mitsempha ithina mopyola ubongo n'kuperewedwa magazi.

Pemphani opanga opaleshoni atsitse mpweya wa m'mimba kufika 10 kapena 12, achepetsenso kupendekeka matumbo akangochoka pamene akugwira ntchito. Dripu musathire ngati mukuthirira dimba. Mankhwala ogonetsa a isoflurane asapyole 1 MAC (muyezo wa mphamvu ya mpweya wogonetsa). Pa mankhwala ogonetsa opumira, halothane ndiye amatakasula mitsempha ya mu ubongo kuposa onse, pa ntchito iyi mupeweni ngati n'kotheka.

Dokotala wa ku ICU: Kuzondoka kokhako si nkhani yaing'ono. Ofufuza za anthu opita mumlengalenga amagoneka anthu mutu kunsi madigiri 6 okha. Ku Cologne, m'dziko la Germany, mu 2017, anthu 11 anagona choncho masiku 30 mu mpweya wa CO2 wa 0.5 peresenti, ndipo 5 anatupa mtsempha wa kuseri kwa diso. Ife athu ndi maola, koma madigiri ndi ochuluka, CO2 nayonso ili m'magazi.

Sisita wa ku theatre: Podzutsa musathamange. Wongolani bedi pang'onopang'ono, poti BP imatha kugwa, kenaka kwezani mutu madigiri 30. Zikope zikatupa, kukhosi mwina kwatupanso. Phwetsani cuff (kabaluni ka pa chubu chopumira), mumve ngati mpweya ukudutsa m'mbali mwa chubu. Ukapanda kumveka, chubu chikhale kaye.

Wogonetsa odwala: Zikomo nonse. Nanga wodwala wa shunt ya m'mutu (kachubu kochotsa madzi mu ubongo) kapena glaucoma (kupanikizika kwa m'diso)?

Mphunzitsi wa zogonetsa odwala: Ameneyo mukambirane ndi opanga opaleshoni asanalowe m'theatre. Kumuzondotsa kwambiri ayi.