Matabuleti alipo koma ana sakuwerengabe, ndichite bwanji?

Mayi Nachisale, Rosettenville:
Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Pa aftercare pathu kuno ku Joni, pomwe timasunga ana akaweruka kusukulu, tili ndi ana 34 a Giredi 1 mpaka 3, ambiri ndi ana a Amalawi ndi a ku Zimbabwe. Mu Januwale munthu wina wakufuna kwabwino anatipatsa matabuleti 10 okhala ndi pulogalamu yophunzitsa kuwerenga Chingerezi. Ana amachita kulimbirana, ndipo pulogalamuyo ikuonetsa kuti adutsa magawo ambiri. Koma Lachisanu ndinaitana kamnyamata ka Giredi 2 komwe ndimati kali patsogolo, nkukalembera papepala "sit", "mat", "pen". Kanandiyang'ana, kenako nkudina liwu loyambalo ndi chala, kudikira kuti pepala liyankhule. Mtima unandiwawa. Makolo ndinawalonjeza ndi pakamwa panga kuti zinthuzi zithandiza.

Bambo Mwale, Yeoville:
Pepani mayi. Mawa mukaime kumbuyo kwake mphindi zisanu osanena kanthu, muzingoona chala. Mupeza kuti akudina zithunzi zonse mmodzimmodzi mpaka tabuleti imuombere m'manja. Tiuzeni, tabuleti imodzi amakhalapo angati? Mahedifoni alipo?

Mayi Nachisale:
Atatu, pena anayi. Mahedifoni tilibe, m'chipinda mumangokhala phokoso ngati pa renki ya mataxi ya Noord madzulo.

Bambo Mwale:
Ndiye magawo adutsidwawo si a mwana mmodzi. Wochenjera mmodzi ndi amene akuyankha, enawo akuonerera, ndipo pulogalamu ikuyesa kuti ndi munthu mmodzi. Komanso phunziro la maliwu mwana amalimva ndi khutu. Ngati sakumva kusiyana kwa "pen" ndi "pan" chifukwa cha phokoso, palibe chomwe chikulowa.

Aphunzitsi a Gondwe, Cosmo City:
Ine ndinene mosabisa, atsekereni mu kabati. Kuno ku Gauteng a Panyaza Lesufi, omwe nthawiyo anali mkulu wa zamaphunziro m'chigawochi, anayambitsa makalasi opanda mapepala mu 2015, matabuleti anagawidwa, ena nkubedwa. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021, woyeza kawerengedwe ka ana m'maiko osiyanasiyana, anapeza kuti ana 81 pa 100 aliwonse a Giredi 4 muno mu South Africa sawerenga momvetsa. Ku Peru boma linagawa malaputopu a One Laptop per Child, ofufuza atayeza mu 2012 sanaone kusintha pa masamu ndi chiyankhulo. Choko ndi bolodi zinatiphunzitsa tonsefe.

Mayi Nambewe, Turffontein:
Achimwene a Gondwe, za Peru mwanena zoona, koma kumeneko ana anangopatsidwa makina popanda ndondomeko. Ine ndisanabwere ku Joni ndinkaphunzitsa Sitandade 2 ku Malawi, pa sukulu yomwe inali mu Unlocking Talent, ntchito yophunzitsa ana ndi matabuleti ya mabungwe a VSO ndi onebillion. M'kalasi mwanga munali ana oposa 100, moti wakumbuyo sindinkadziwa ngati walemba kapena wangojambula mizere. Koma ku chipinda cha matabuleti ankapita m'magulu, aliyense ndi tabuleti yake ndi mahedifoni ake, pafupifupi theka la ola, batire likutchajidwa ndi sola. Chachikulu, mawu ankatuluka m'Chichewa, ndipo mwana akalakwitsa ankabwereza pomwepo mpaka akhoze. Dr Nicola Pitchford a ku University of Nottingham anayeza zimenezi ku Lilongwe kwa masabata 8, ndipo ana a matabuleti anaposa anzawo pa masamu. A onebillion omwewo anapambana nawo Global Learning XPRIZE, mpikisano wa mapulogalamu ophunzitsa ana, mu 2019, ndipo mu 2023 boma lathu la Malawi linayamba ndondomeko ya BEFIT kuti matabuletiwa afike Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zaboma. Ndinaona ndi maso anga kamtsikana kosayankhula m'kalasi kakunong'ona "ma-la-ya" kokhakokha.

Aphunzitsi a Gondwe:
Chabwino, koma mwanena nokha kuti zinali m'Chichewa. Ana a mayiwa kunyumba Chichewa, pamsewu Chizulu, pa tabuleti Chingerezi cha mzungu wa ku America.

Mayi Nambewe:
Apo ndiye tagwirizana. Achemwali a Nachisale, yambani ndi pepala. Mwana aliyense payekha, mphindi ziwiri: malembo khumi, maphatikizo asanu, mawu asanu. Mukadziwa amene ali pati, agaweni magulu anayi osatengera Giredi. Tabuleti iliyonse muimate nambala, mwana aliyense akhale ndi dzina lake mu pulogalamumo, ndipo osachita mantha kuwabweza ku gawo loyamba. Gulu limodzi likakhala pa matabuleti mphindi 25, inu muli ndi enawo pa ba be bi bo bu. Chichewa chimawerengeka mmene chimalembedwera, mwana amagwira msanga nzeru yophatikiza, kenako amapita nayo ku Chingerezi. Ana a Chishona maphatikizo ake ndi ofanana kwambiri, sangasochere. Nthano zaulere zili pa webusaiti ya African Storybook, ya bungwe la Saide la konkuno, mungasindikize zingapo.

Bambo Mwale:
Ndiwonjezere kuti mu Settings ya Android muli screen pinning, yotsekera tabuleti pa pulogalamu imodzi, muyatse kuti asamathawire ku YouTube. Mahedifoni otchipa mukawapeza ku mashopu a ku Dragon City, mugule a waya. Kutchaja muzichita m'mawa ana ali kusukulu, magetsi a kuno mukuwadziwa.

Mayi Nachisale:
Ndabweranso patatha masabata atatu. Mayeso a papepala aja anandionetsa kuti ana 19 sankadziwa maliwu ngakhale theka. Onsewo ndinawabweza poyambira. Makolo awiri anadandaula kuti sanabweretse mwana ku Joni kuti adzaphunzire Chichewa, ndinawakhazika pansi nkuwaonetsa mapepala a ana awo, mmodzi wamvetsa, winayo akadali wokwiya. Kamnyamata kaja dzulo kawerenga "mat" ndi "sit" papepala, "pen" kakuti "pin". Bambo Mwale, mahedifoni atatu aduka kale waya pafupi ndi pulagi, ana amakoka. Alipo amene akudziwa momangira kuti asamaduke?