Za mababu a m'munda wa dragon fruit

Malume aPhiri: Mwaswera bwanji nonse. Tadala anandiimbira dzulo za nkhani yoika magetsi m'munda wa dragon fruit uja anatisiyira achemwali anga ku Salima. Ndamuuza kuti ailembe pano, chifukwa munda uja si wa munthu mmodzi.

Tadala: Zikomo amalume. Nonse mukudziwa kuti timakolola kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, kenako zii. Chomera ichi chimachita maluwa usana ukatalika, usiku ukafupika. Ku Vietnam, makamaka dera la Bình Thuận komwe amalima kwambiri chipatsochi, alimi amapachika mababu pakati pa mizati imene chomerachi chimayangapo n'kumayatsa usiku m'miyezi imene usana umafupika. Kwawoko ndi cha mu Okutobala mpaka Malichi, poti nyengo zathu n'zosemphana. Akayatsa usiku uliwonse kwa masiku 15 kapena 20, nthambi zimatulutsa mphukira za maluwa ngati kuti ndi nyengo yake.

Mayi aang'ono aNaphiri: Mwana wanga, iwowo amavutikiranji choncho? Magetsi si ndalama?

Tadala: Ndi ndalama mayi, koma zipatso zawo zambiri zimapita ku China, ndipo amafuna zipse pamene mtengo wakwera, monga nthawi ya chaka chatsopano chawo chimene amati Tết. Kale ankayatsa mababu akale aja otentha, a 60 kapena 75 watts. Anasintha n'kuyamba ma energy saver, pano ambiri ali pa LED imene imadya magetsi ochepa kwambiri.

Chikondi (Joni): Mlongo wanga, ine ndalama ndiikapo, koma ndimve kaye masamu ake. Mizati tili nayo 120. Tiyatsa yonse?

Tadala: Ayi achimwene. Ndikuganiza mizati 20 yokha, ya mzere wa kufupi ndi chitsime. Mababu 20 a 9 watts, maola 4 usiku uliwonse, ndi 720 watt-hours, osakwana yuniti imodzi. Ku Taiwan ena amayatsa kuyambira 10 koloko usiku mpaka 2 koloko, chifukwa chofunika ndi kudula mdima pakati, osati kuwalitsa mpaka kuche. Batire ndi panelo ya sola zikhoza kukwanitsa zimenezo.

Chikondi (Joni): Sola ndiye bwino. Magetsi akathima masiku atatu otsatizana ndiye kuti tayambiranso poyamba.

Mphatso: Ine amene ndimagona kumundako ndiyankhulepo. Achemwali, mukufuna tiyatse liti? Ngati ndi Juni ndikukana. Mwera ukamawomba kuno usiku kumazizira, ndipo mitengo ija imangokhala duu, ngakhale nthambi yatsopano osatulutsa.

Tadala: Wanena zoona Mphatso, ndipo ndi pamene ndinali ndi nkhawa. Kukazizira kufika pansi pa madigiri 15, kuwala kokha sikuthandiza, maluwa sabwera. Tiyambe kumapeto kwa Ogasiti kukayamba kufunda. Mphukira ikatuluka imatenga pafupifupi milungu itatu kuti duwa limasule, ndipo kuchoka pa duwa kufika chipatso chakupsa ndi ngati mwezi umodzi. Zikayenda bwino tikhala ndi zipatso kumayambiriro kwa Novembala, anzathu asanayambe kugulitsa.

Mphatso: Nanga madzi? Seputembala ndi Okutobala dothi limauma gwa. Mtengo umene mukuukakamiza kubereka nthawi imeneyo ufuna kuthirira kawiri pa sabata, ndi manyowa okwanira. Ndekha ndi keni sindingathe, ndili ndi dimba la tomato.

Mayi aang'ono aNaphiri: Manyowa a nkhuku ndili nawo owolerana bwino, mudzatenge pa ngolo. Koma mtima wanga uli pa mitengo ya achemwali. Anaibzala ndi manja awo, anayi anayi pa mzati uliwonse, mateyala a pamwamba aja anachita kupempha kwa okonza galimoto. Musaitopetse mpaka kufa chifukwa chofuna ndalama msanga.

Tadala: Ndamva mayi. Tisankha yokhayo ya nthambi zokhwima, zobiriwira kwambiri, zolendewera pansi. Ya nthambi zanthete sitiikhudza. Mphukira zikangooneka tizimitsa, ndipo mzere umenewo sitiuyatsanso chaka chino. Zikachuluka pa nthambi imodzi tidzapatulira, zitsale ziwiri.

Mphatso: Chinanso, duwa lija limamasula usiku umodzi wokha, m'mawa lafota. Ya zipatso zofiira mkati ija ndimaithandiza popaka mungu pa duwa ndi kaburashi kuti igwire. Ikadzamasula ndidzafuna wondiunikira.

Malume aPhiri: Ndidzabwera ineyo ndi tochi. Koma munda wowala usiku umaitana maso a anthu. Ndipita kwa anyakwawa ndiwadziwitse, ndiuzenso oyandikana nawo asadabwe. Batire izigona m'nyumba, osati m'chisakasa.

Chikondi (Joni): Panelo, batire ndi mababu ndigula ine. Tadala, unditumizire chithunzi cha mtundu wake ndisalakwitse.

Tadala: Mugule owala mofiirira achimwene, osati oyera mbee, komanso osalowa madzi. Mawaya ndi timer ndigula ine ku Lilongwe.

Mayi aang'ono aNaphiri: Wothandiza Mphatso kuthirira ndimulipira ine miyezi iwiriyo.

Malume aPhiri: Loweruka likubwerali 8 koloko tikumane kumundako, tikasankhe mizati 20 ija. Mphatso, upezeretu nsungwi zazitali zopachikira mawaya.

Mphatso: Zilipo kale kuseri kwa nkhokwe, amalume.