Element ya giza yapsa kachiwiri, vuto lili pati?

wa_Kalongwezi:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Giza ndi ya malita 150, ili m'siling'i, element (chitsulo chotenthetsa madzi) ya 3 kW. Madzi ndi a borehole, pampu imawakweza m'tanki kenako amatsikira m'nyumba. Element yoyamba inakhala chaka, yachiwiri miyezi inayi sinakwane. Isanafe, giza imathetheka mkati, madzi n'kumachedwa kutentha. Kapaipi kotulukira panja nakonso kamadontha. Ndigule element ina, kapena giza yonseyo yatha?

mapaipi_Kapata:
Musathamangire kugula, bambo. Yambani mwayang'ana element yakufayo. Ngati yakutidwa ndi zoyera zolimba, imeneyo ndi laimu. Madzi ambiri a m'borehole amakhala ndi calcium, ndipo akatenthedwa amasiya laimuyo pa chitsulo, monga mumaonera pansi pa ketulo. Kutentha kumalephera kutuluka bwino, element imadzipsereza yokha. Kuthetheka mukumvako ndi madzi akuwira pansi pa zidutswa za laimu zimene zaunjikana.

Koma ngati ilibe zoyera, yangoda ndi kutupa kapena kung'ambika, inayaka popanda madzi. Miyezi inayi yokha, ine ndikuganiza kuti n'zimene zinachitika. Zimachitika chonchi: malaiti apita, pampu yaima, tanki yauma. Wina atsegula pompi ya madzi ozizira kukhitchini, madzi a m'giza n'kubwerera kudzera pa paipi yolowera, poti giza ili pamwamba. Malaiti akabwera usiku anthu muli m'tulo, element imayaka ili pamphepo, ndipo mphindi zochepa chabe zimakwana kuipha. Ikani non-return valve, yoletsa madzi kubwerera, pa paipi yolowera. Ndipo tanki ikauma, zimitsani giza pa DB, bokosi la ma breaker lija. Madzi akabwera tsegulani pompi ya otentha mpaka asiye kulavula mpweya, pamenepo ndiye muyatse.

waya_ndi_mita:
Akunena zoona a mapaipi, koma pimani kaye, chifukwa element zambiri zimatayidwa zili zamoyo pamene yafa ndi thermostat, kachipangizo kodula moto madzi akatentha mokwanira. Zimitsani breaker ndi isolator, tsimikizani ndi tester kuti moto mulibe, sololani thermostat, ikani multimeter (mita yopimira magetsi) pa miyendo iwiri ya element. Ya 3 kW pa 230 V iyenera kuonetsa pafupifupi 18 ohms, ya 2 kW pafupifupi 26. Ikapanda kuonetsa kanthu, yaduka mkati. Pimaninso mwendo umodzi ndi thupi la giza. Pakakhala kulumikizana, earth leakage, switch yoteteza ya pa DB, imagwa.

Onaninso mabowo amene thermostat imalowamo. Akakhwepa amatentha, amada, pulasitiki n'kusungunuka, ndipo thermostat yatsopano siichedwa kufa. Element imeneyi imakoka pafupifupi 13 A, choncho waya akhale wa 2.5 mm² ndi breaker yakeyake ya 20 A, osati kubera pa soketi ya kuchipinda.

Thermostat ikhale pa madigiri 55 mpaka 60. Ambiri amaipotokola kufika 70 poopa kuzizira kwa mu June ndi July, osadziwa kuti kupitirira 60 laimu imachuluka msanga. Koma musatsitsenso pansi pa 50, tizilombo ta Legionella timaswana m'madzi ofunda. Giza yodzaza madzi ozizira iyenera kutentha m'maola awiri ndi theka, n'kudya mayuniti ngati 7. Ikamatenga maola anayi, mwina laimu yayamba kale.

wa_Kalongwezi:
Zikomo. Nanga kudonthako?

mapaipi_Kapata:
Zitengera kuti ndi paipi iti. Madzi akatentha amafufuma, ndiye yochokera ku pressure valve ikamadontha pamene giza ikutenthetsa, malita awiri kapena kuposerapo pang'ono, palibe vuto. Ikamadontha usana ndi usiku, mwalowa mchenga kapena labala yake yatha. Ikakhala yachitsulo yochokera ku safety valve, n'kumatulutsa madzi otentha kwambiri kapena nthunzi, zimitsani pomwepo, thermostat yakana kudula. Ndipo chonde, musaitseke ndi plug ati kusunga madzi. Giza yotsekedwa potulukira imaphulika ndithu.

mayi_wa_hardware:
Mwaiwala anode, abambo inu. Ndi ndodo ya magnesium yomangidwa mkati, ntchito yake ndi kudyedwa m'malo mwa tanki ya giza. Ikatha, dzimbiri limayamba pa chitsulo, ndipo giza yobooka siwotchereka, mumangogula ina. Pa madzi a borehole muziiona chaka chilichonse. Ikatsala yopyapyala, waya wapakati akuoneka, sinthani.

Poti mutsegula kale, chitirani limodzi zonse. Tsekani madzi olowa, khuthulani pa drain cock (kapompi kokhuthulira giza) ndi hosipaipi pompi ya otentha ili yotsegula, kokolani zidutswa za laimu pa bowo la element, tsukuluzani. Gasiketi ikhale yatsopano, yakale siigwiranso. Pogula tengani element yakaleyo m'manja, chifukwa zilipo zopotera ndi za flange, sizilowana. Ngati pansi pa giza palibe drip tray yokhala ndi paipi yake yotulukira panja, ikani tsiku lomwelo anyamata ali kale m'siling'imo.